Ngalawa ya Alamu Anga

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Levulo, ndipo dzinali silinawagwere mwangozi. Ndi kalipentala. Levulo yawo, kachitsulo kaja kokhala ndi kadontho m'galasi koonera ngati chinthu chawongoka, amayenda nayo m'thumba la jekete ngati mmene anzawo amayendera ndi foni. Kuchipatala anapimapo benchi ya odwala, n'kuitana namwino kuti adzaone. Tsiku loyamba kukacheza kwa apongozi a mwana wathu, ndinangotuluka pang'ono kukasamba m'manja, pobwera ndinapeza munthu wamkulu ali pampando akuwongola chithunzi chapakhoma, eni nyumba akungoyang'anana. Ndakhala nawo zaka zoposa makumi atatu. Ndimawakonda, koma masiku ena ndimalakalaka levuloyo nditaiponya m'chimbudzi.

Ali ndi mkulu wawo mmodzi yekha, alamu anga, amene anali kalaliki ku positi mpaka kupuma pantchito. Tsiku lotsanzikana, anzawo anawapatsa bokosi lalikulu. M'katimo munali ngalawa ya matanga, koma yosamanga: timatabwa tambirimbiri, tina tochepa ngati chikhadabo, ulusi, tinsalu, ndi kabuku ka malangizo kolembedwa m'chinenero chimene panalibe ankachidziwa. Alamu, munthu amene moyo wake wonse anangogwira chidindo, anatha chaka chathunthu akumata. Atamaliza anainyamula m'manja, kudutsa msewu wonse wa kumsika, kudzaonetsa mng'ono wawo ku shedi kumene amagwirira ntchito.

Ndinalipo tsiku limenelo, ndinali nditawapititsira chakudya chamasana. Alamu anakhazika ngalawa pabenchi yopalirapo matabwa, n'kubwerera m'mbuyo, manja kumsana, akumwetulira. Milongoti yonse itatu, timitengo toimirira tija timene amamangapo matanga, inali itapendekera kumanzere. Amuna anga anapisa dzanja m'thumba. Ine ndinawatsinzinira diso, ndinakhosomola, ndinagwetsa dala chivundikiro cha poto. Munthu osandimva.

"Achimwene," anatero, makasitomala atatu ali pomwepo, "ngalawa yanuyi yamwa chiyani? Kapena mukuiphunzitsa kugona chammbali?"

Anthu anafa ndi chiseko. Alamu ananyamula ngalawa yawo, kuifungatira, n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo abale awiriwa sanalankhulane zaka khumi ndi chimodzi, chonsecho nyumba zathu n'zoyandikana, madzi ukawasiya pamoto ukhoza kupita n'kubwerako asanawire. Uthenga unkadzera mwa ife akazi. Akazi a alamu, amene ana anga amawatchula kuti mayi aakulu ndipo nanenso ndinangozolowera choncho, ndinkakumana nawo pa ogulitsa tomato.

"Akuti auzeni kuti amva zoti bondo likuwavuta," ankatero mayi aakulu.

"Nawonso akuti auzeni kuti lata la kukhitchini kwanu lija lafumuka, analiona podutsa," ine n'kuyankha.

Ndinayesa kuwalankhula amuna anga mpaka malovu kuuma. Ankangoti, "Mayi, ndinanama? Sinali yopendekera?" Mawu akuti pepani pakamwa pawo satuluka. Akandilakwira amangondikhomera shelefu yatsopano. Kukhitchini kwanga kuli mashelefu asanu ndi anayi.

Chaka chatha, m'mawa wina, mayi aakulu anafika pakhomo atasenza beseni lophimba ndi thawulo. Alamu anali atagwa ndi sitiroko, ndipo pogwapo anakankha ngalawa ija. M'besenimo munali zidutswa zokhazokha.

"Atuluka m'chipatala pakatha masabata atatu," anauza amuna anga. "Lilime likulemera, koma chinthu choyamba kufunsa chinali ngalawa. Ine ndawanamiza kuti ili bwinobwino. Alamu, nditani ine?"

"Ndani wanena kuti ine ndimakonza zidole?" anafunsa amuna anga.

Ankanena zimenezi uku akuchotsa mbale patebulo kuti beseni lipeze malo. Ndinachita mantha tsiku limenelo. Ndinaona kuti mkulu wawo akanatha kupita asanamvane, ndipo munthu wanga uyu akanatsala ndi chinthu chimene sakanatha kuchipala kapena kuchikhoma. Ngalawayo ndiyo inali njira yokhayo yolowera pakhomo paja.

Anatseka shedi masabata atatu. Mayi wina amene ankadikira kabati yake ankabwera tsiku ndi tsiku kudzatukwana loko. Ntchito inasamukira pabenchi ya pakhonde pathu, imene anayamba aipima kanayi, ndipo ine ndinasanduka mboni, chifukwa cholakwika chilichonse chimene apeza ankandiitana.

"Mayi, tabwerani mudzaone zoopsa!"

Ndinkasiya zochapa n'kupita. Guluu alamu ankathira ngati akuthirira mbewu, moti malo ena guluuyo anali wochindikala kuposa thabwa. Timizinga tinayi tinaloza m'kati mwa ngalawa, kuopseza eni ake omwe. Chiwongolero anachimata chadodolido. Pamene timatabwa tinasowa, anaikapo timitengo ta machesi, tina tikadali ndi mitu yake. Ulusi wa m'bokosi utatha anapitiriza ndi wa m'chitini cha zosokera cha akazi awo, ndiye zingwe za matanga zinali zofiira, zobiriwira, zina zapinki. Atatsegula m'mimba mwa ngalawa anapezamo kasupuni ka tiyi katamatirira, kamene mayi aakulu anakasaka mpaka kukayikira alendo.

Amuna anga anagula magalasi amphamvu, anandilanda kopanira nsidze, n'kuyamba kusungunula guluu wakale ndi madzi otentha, dontho limodzilimodzi. Zala zawo n'zonenepa, zozolowera zitseko ndi mabedi. Kathabwa kamodzi kankawatengera m'mawa wonse, ndipo kakagwa pansi tonse awiri tinkakwawa pakhonde kukasaka, anthu odutsa n'kumaganiza kuti tikupemphera. Koma ntchito yokha ndiye anaigwira, zimenezo sindingawamane. Timizinga tinatembenukira kunja, machesi anachoka, zingwe zonse zinakhala zamtundu umodzi, vanishi kuwala ngati galasi.

Itafika nthawi yoimika milongoti ndinati ndiwatsine khutu.

"Bambo, bwanji muisiye mmene inalili? Munthu akufuna ngalawa yake, osati yanu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati ndawauza kuti akabe.

"Mayi, chinthu chokhota sichinatulukepo m'manja mwanga chiyambire. Ndiyambe lero, pa mkulu wanga?"

Anaiimika chilili, yonse itatu, kupima kutsogolo, kupima m'mbali, kundiitananso kuti ndichitire umboni.

Tsiku lokapereka anavala jekete la kutchalitchi. Njira yonse anayenda pang'onopang'ono, ngalawa ili m'manja, ine patsogolo kuuza anjinga kuti apatuke. Tinapeza alamu atakhala pampando pabalaza, ataonda, dzanja lamanja lili pamwendo ngati si lawo. Mtima unandipweteka. Abale awiriwo anayang'anana, kenako aliyense anayang'ana ngalawa, poti inali yosavuta kuyang'ana.

"Achimwene, ndabweretsa katundu wanu," anatero amuna anga. Moni wa zaka khumi ndi chimodzi anathera pomwepo.

Mayi aakulu analoza tebulo la pakona, lophimba ndi nsalu yamaluwa, kuti ndiye malo ake. Amuna anga anaikhazika bwinobwino n'kubwerera m'mbuyo, manja kumsana. Milongoti yonse itatu inapendekera kumanja.

Ine ndinaganiza kuti mwina ndi maso anga, ndinapendeketsa mutu, koma ayi, ngalawa inali italedzeranso, kungoti ulendo uno inagwera mbali ina. Amuna anga anaitembenuza, inapendekerabe. Thukuta linayamba.

"Ndi simenti iyi," anatero. "Amene anamanga nyumba ino ndimamudziwa, ntchito yake ndi yothamanga."

Anagwada ndi jekete lawo la kutchalitchi, kuika levulo pansi. Kadontho kanakhala pakatikati, phee. Anayesa pena, chimodzimodzi. Kenako anadzuka, anasuntha ngalawa, anachotsa nsalu yamaluwa ija, n'kuika levulo patebulo. Kadontho kanathawira kumapeto ngati kaona ngozi.

"Ndani anapanga chitebulo chimenechi?" anakalipa. "Miyendo iwiri yaifupi! Munthu ameneyu anagwirapo sowo n'komwe?"

Mayi aakulu anayang'ana amuna awo. Alamu anayang'ana kudenga. Ine ndinali nditalizindikira kale, chifukwa nkhani yake ndinaimva kambirimbiri, ndipo ndinaluma mlomo kuti ndisaphulike.

"Ndinu, alamu," mayi aakulu anauza amuna anga motsitsa mawu. "Ndi lija munatipatsa titangokwatirana. Ntchito yanu yoyamba."

Munthu amene anapima benchi ya kuchipatala ndi zithunzi za apongozi anali asanaikepo levulo pa chinthu chopanga yekha chikangotuluka m'shedi. Chala sichiloza mwini. Patebulo limeneli anadyerapo zaka zambiri asanadane ndi mkulu wawo, msuzi ukusonkhana mbali imodzi ya mbale, iwo n'kumati mbale za masiku ano n'zopanda pake.

Mayi aakulu, poona kuti chinsinsi chatha, anakhuthula zonse. Alamu anamangira ngalawa patebulo lomweli. Poimika milongoti ankalendewetsa kiyi pa ulusi kuti aone ngati yaima chilili, ndipo inaimadi chilili. Inangopendekera itafika pabenchi yowongoka ya ku shedi. Tsiku lija la kusekedwa, atabwerera kunyumba n'kuikhazika pamalo pake, inawongokanso, ndipo anazindikira pomwepo kuti vuto ndi tebulo.

"Ndinawauza kuti bwererani mukawauze," anatero mayi aakulu. "Anandiyankha kuti, ndikamuuze kuti tebulo lake ndi lokhota? Ukufuna mwana wa mayi anga afe? Ndiye anangokhala, kukwiya akukwiya, kuwatchinjiriza akuwatchinjiriza. Ine pakati."

Pamenepo tinamva phokoso lachilendo kuchokera pampando paja, ngati munthu watsamwa. Tonse tinathamangirako. Alamu ankaseka. Mbali imodzi yokha ya nkhope ndi imene inkaseka, misozi ikutsika mbali zonse, dzanja lamanzere likumenya pampando. Nanenso ndinalephera kudzigwira, ndinakhala pansi penipeni. Mayi aakulu anabisa nkhope mu nsalu ya patebulo ija.

Amuna anga okha ndi amene sanaseke. Anaima pakati pa balaza, levulo ili m'manja, nkhope itagwa. Ndinawaonapo atakwiya, ndinawaonapo atadwala, koma manyazi otere ndinali ndisanawaonepo, ndipo chiseko changa chinathera panjira. Anatsegula pakamwa, kutseka, kutsegulanso. Ndinati lero lokha mawu aja atuluka.

"Achimwene," anatero, "ndilitenge tebuloli, ndikadule miyendo inayo ifanane. Mawa lomwe libwera."

Alamu anapukusa mutu. Kulankhula kunkawatengera nthawi, ndipo tonse tinadikira.

"Iwe," anatero. "Tebulo langa usalikhudze."

"Nanga titani, poti ngalawa..."

"Ikhotetse. Ibwerere mwakale." Anapuma kaye, n'kuloza tebulo ndi dzanja lamanzere. "Pompano. Ndizikuona."

Amuna anga, amene chokhota sichinatulukepo m'manja mwawo, anavula jekete n'kufunsa mayi aakulu ngati ali ndi madzi otentha.

Kupendeketsa milongoti itatu ndi ntchito ya masiku awiri, amenewo ndi mawu awo omwe, anandiuza tikubwerera. Uno ndi mwezi wachisanu ndi chiwiri. Tsiku lililonse ikakwana thuu koloko amatseka shedi n'kupita kwa mkulu wawo. Akaimika mlongoti umodzi, alamu amauyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti sunakhote mokwanira, kapena wakhota mopitirira, ndiye amamatula n'kuyambiranso. Lilime la alamu layamba kupepuka chifukwa cha kulamula. Dzulo ndinawafunsa amuna anga kuti kodi ntchitoyi idzatha liti.

"Mayi, musandifulumizitse," anatero akumanga nsapato. "Kasitomala wake ndi wovuta."