Dzanja la Amuna Anga pa Pepala la Kampeni

Lachinayi, itangokwana teni koloko m'mawa, ndinaona chithunzi cha malemu amuna anga pa pepala la kampeni pa msika wa Chintheche. Ndege inalipo, bambo wofuna uphungu analipo, koma amuna anga, amene ankakonza ndege ku usilikali, anali atawadulamo. Bamboyo anabwereka chithunzicho pa maliro a amuna anga, ati akachikulitse.

Ogulitsa usipa ankakangana ngati bamboyo anaulutsadi ndege.

"Ankagawa nsapato kwa asilikali basi," ndinatero. "Dzanja lili paphewa pakepo ndi la amuna anga."

"Amama, ndi ndale zimenezo," wina anaseka.

Ndinang'amba pepalalo. Chithunzi china ndilibe. Tsopano Lachinayi lililonse ndimakakhala pakhomo pa ofesi ya bambo uja kudikira chithunzi changa.