Khomo limodzi la anyina Queen

Anyina Queen, omwe dzina lawo la ubatizo ndi Judith Mbao, anabadwira m'mphepete mwa Lupande, kufupi ndi Msoro, ndipo iwo ndi mtsinjewo anakula akukangana. Chaka chilichonse Lupande ankawadyera chimanga cha m'dimba, iwo n'kuima pagombe kumutukwana mpaka mawu kusasa. Ine ndakhala nawo moyandikana kuyambira tili atsikana otola thonje, choncho musati ndikujeda. Kujeda n'kunena munthu kuseri, pamene zonsezi ndinawauza kale pamaso.

Amuna awo anamwalira Queen akadali kubere, n'kuwasiyira njinga yopanda tcheni ndi alamu ambiri odziwa kulangiza. Mayiyu analima thonje yekha, anaphika mowa, anawamba nsomba, mpaka mwana wake mmodzi yekhayo anakula. Pamisonkhano ankakhala kutsogolo, ndipo mlendo wa boma akafunsa mwaulemu ngati pali funso, tonse tinkaweramitsa mitu podziwa kuti lero tidya mochedwa. Pamene a khonsolo anati mudzi uliwonse ukhale ndi komiti yachitetezo, yoyang'anira akuba ndi kupirikitsa njovu m'minda, tinawasankha kuti aitsogolere osavota n'komwe. Ena anapatsidwa mawezulo, koma iwo sanafune. Anthu amati njovu imathawa utsi wa tsabola, koma ine ndinaona ndi maso angawa njovu yamphongo ikusiya mango masana dzuwa likuswa mtengo itangomva anyina Queen akuyitchulira za amake.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanalawepo lilime limeneli, ndipo ameneyo ndi mkamwini wawo, Japhet.

Kuno kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, salankhulana. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Zimenezi sizikhala mpaka kalekale ayi. Pakabadwa ana awiri kapena atatu, apongozi amapha nkhuku, n'kumuitana mkamwiniyo, kumupatsa madzi osamba m'manja, ndipo akadya ndiye kuti manyazi atha, akhoza kumacheza ngati mayi ndi mwana. Japhet anabereka Wendy, n'kuyamba kutchedwa awisi Wendy, anabereka ena atatu pambuyo pake, koma nkhuku ya anyina Queen inkangofa ndi chitopa.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Japhet ndi sikauti, mmodzi mwa aja olondera nyama zakutchire. Atangokwatira kumene, iye ndi anzake anabwera kudzafufuza m'mudzi, n'kupeza nyama ya njati yowamba pansanja ya apongozi ake. Anainyamula yonse. Anyina Queen sanamangidwe, koma mtima wawo unapita ndi nyamayo. Kuyambira tsiku limenelo mwambo unasanduka chibonga chawo. Munthu akawafunsa za nkhuku ankayankha kuti, "Anadya kale njati yathunthu. Nkhuku ingamukhutitse?"

Kumudzi wakale zinkatheka bwinobwino. Iwo anali ndi nyumba yawo, Japhet ndi Queen yawo, pakati pali nkhokwe ndi mtengo wa bwemba wobisalirako.

Kenako kunabwera chaka chimene Lupande anatopa ndi kutukwanidwa. Madzi analowa m'mudzi, nyumba zadothi zinasungunuka ngati shuga mu tiyi, ndipo manda a m'mphepete anakokoloka, a amuna awo omwe. Anyina Queen anatuluka madzi ali m'chiuno, atabereka kumbuyo thadzi limodzi lamawangamawanga m'chitenje ngati khanda. Atafika kumtunda analipatsa dzina loti Lupande Walephera. Linali chinthu chokhacho chamoyo chimene anapulumutsa pakhomo pawo, ndipo linkagona m'dengu pafupi ndi mphasa yawo.

A khonsolo anatisamutsira kumtunda, n'kulonjeza nyumba za njerwa zamalata, banja lililonse yake. Anatumiza mtsikana wina waulemu kuti aone mabanja, ndipo funso lake linali losavuta: pano amadya mphika umodzi ndani ndi ndani? Queen anali atatsegula kale pakamwa kuti anene kuti mabanja ndi awiri, koma amake anamudula. Anthu anali ataunjikana, ndipo anyina Queen akaona anthu sangathe kudzichepetsa.

"Onse aba nimadyesa ndine!" anatero akudziguguda pachifuwa. "Mwana, bazukulu, na uja wa nsapato zikulu-zikulu. Mphika ni umodzi, wanga!"

Mtsikanayo anathokoza n'kupita. Mphika umodzi, nyumba imodzi.

Nyumbayo inali yokongola, tisaname. Zipinda ziwiri, balaza pakati, pansi pa simenti. Pamawindo anaikapo zitsulo kuti akuba asalowe, ndipo komiti yachitetezo, motsogozedwa ndi anyina Queen omwewo, ndiyo inapempha zitsulozo. Khomo linali limodzi.

Zimene zinkachitika m'nyumba imeneyo ife oyandikana nawo tinkazimva ngati wailesi. Japhet akafuna kutuluka kuchipinda ankatsokomola, kuti apongozi adziwe n'kutembenukira kukhoma. Apongozi akafuna kudutsa ankayamba nyimbo ya kwaya, kuti mkamwini abwerere. Mlendo akanaganiza kuti m'menemo muli wodwala chifuwa chachikulu amene akumupempherera. Mvula ikamagwa onse ankakhala pabalaza atafulatirana, misana kutsala pang'ono kugundana, Queen ali pakati ngati womasulira m'khoti.

"Queen, uza amuna ako kuti nsapato zao zinunkha monga mvuu yakufa."

"Queen, uza amayi kuti namvela."

Ife tinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Queen sankaseka.

Tsiku lina m'mawa anyina Queen anakhala pakhomo penipeni n'kuyamba kusankha nyemba. Japhet anali atavala kale yunifolomu, anzake akumudikira kukampu. Anatsokomola. Mayiwo anapitiriza kusankha nyemba. Anatsokomolanso mpaka kukhosi kuuma. Pawindo sakanatulukira, zitsulo zija zinali kugwira ntchito yake. Queen anali kumjigo, ndipo mzere wa kumjigo mukuudziwa. Munthu wamkulu, wonyamula mfuti, amene saopa mkango, anaima kuseri kwa chitseko atayang'ana kukhoma mpaka dzuwa kukwera. Anzake ananyamuka osamutenga, ndipo abwana ake anamukalipira pamaso pa anyamata ongoyamba kumene ntchito. Anyina Queen amati sanamve kutsokomolako. Munthu amene amamva njovu ikuthyola phesi kutsidya kwa dambo.

Pamsonkhano wotsatira, pansi pa mtengo wa pasukulu, akhansala athu a Wiseman anabwera kudzamva maganizo a anthu pa nyumba zatsopano. Ena anadandaula za zimbudzi, ena za njira ya njovu yodutsa kuseri kwa mjigo. Kenako anyina Queen anaimirira n'kumanga chitenje.

"A khansala, nyumba mwatipasa, zikomo. Koma amene anajambula nyumba iyi alibe apongozi? Khomo limodzi! Nipempha khomo lachiwiri, kumbuyo, kuti ine na uja tisamakumane."

A Wiseman anafotokoza modekha kuti pulani ndi imodzi kwa onse, ndipo kuboola khoma n'kofunika chilolezo, koma nkhaniyo aipititsa kuofesi. Apo mayi wina kumbuyo anafuula kuti, "Anyina Queen, khomo lachiwiri muli nalo kale, ligona mu dengu! Iphani nkhuku chabe!" Msonkhano wonse unagwa ndi phwete, akhansala omwe anabisa nkhope m'chipewa. Anyina Queen anachoka osatsanzika, ndipo aka kanali koyamba kuti msonkhano uthe nthawi yabwino.

Chilolezo chisanabwere, kunabwera nkhani ina. Japhet anali atapempha kuti amutumize kukampu yakutali, kumalire a paki ya nyama zakutchire, kumene kuli nyumba ya sikauti ndi banja lake. Anamuvomera. Queen anauza amake ali chiimire, osakhala n'komwe pansi.

"Amama, tiyenda tonse, ine na bana. Nalema kukhala foni pakati pa anthu awiri akulu-akulu. Nyumba ikhale yanu, muzituluka m'mene mufunira."

Ndinayembekezera mkuntho, koma sunabwere. Masiku otsatira ndinkawaona anyina Queen atakhala pakhonde, thadzi lija lili pamiyendo, akuyang'ana adzukulu akusewera fulaye. Njovu zinadutsa m'munda wa mpunga masana, iwo osatulutsa liwu. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinapsanso nawo mtima, chifukwa dzenje limeneli anakumba okha ndi pakamwa pawo. Ndinawauza kuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anandiyankha kuti ndisamale za kwanga.

Tsiku lonyamuka, kutangocha, anandiitana kuseri kwa nyumba. Ndinapeza madzi akuwira, ndipo Lupande Walephera ali gone pansi, khosi lodula.

"Sosola," anatero. "Ukanifunsa funso, nizakuthira madzi aya."

Ndinasosola. Iwo anaphika okha, atandifulatira, ndipo utsi wa tsiku limenelo uyenera kuti unali woyabwa kwambiri chifukwa ankangopukuta m'maso.

Galimoto ya masikauti inafika dzuwa litakwera. Dalaivala analiza hutala n'kufuula kuti, "Japhet, tinapangana teni awazi, wachedwa!" Queen ndi ana anali atatulutsa kale mitolo panja. Japhet anatsala m'kati akumanga chikwama chake. Atamaliza anatsokomola monga mwa masiku onse, n'kubwera pabalaza. Anapeza apongozi ake atagwada pakhomo, beseni lamadzi kutsogolo, mbale yovundikira pambali, thupi lawo litadzaza mphuthu zonse ziwiri. Anatembenukira kukhoma msangamsanga n'kutsokomolanso.

"Lekani kukhosomola, awisi Wendy, simudwala. Tembenukani."

Mudzi wonse unali utaunjikana panja. Kwa zaka zonsezo mayiyu anali asanamuyankhulepo munthuyu ngakhale liwu limodzi. Japhet anatembenuka pang'onopang'ono, maso ali pansi, n'kunjuta.

"Nyama yanga ija," anatero anyina Queen, "inakoma?"

"Sininalaweko, amayi. Tinaitentha. Anzanga anafuna kutenga na imwe, ine n'nawapempha kuti akusiyeni."

"Izo Queen ananiuza kale-kale. Kutentha njati! Mukanadya nikanakukhululukirani msanga."

Ena anayamba kuseka, koma mayiwo anangosunthira beseni pafupi ndi Japhet.

"Nyumba yanga inapita na madzi," anapitiriza, mawu atatsika mwakuti sindinawazindikire. "Manda a amuna anga anapita na madzi. Nkhuku yanga ni iyi mu mbale. Mukanitengela na aba, nizakamba na ndani? Sambani m'manja, mwana wanga."

Japhet anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Thadzi limenelo ankalidziwa, pakuti linkamudzutsa m'mawa uliwonse kuseri kwa khoma. Anatambasula manja, apongozi ake n'kumuthirira madzi. Anatenga nthuli n'kudya, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo atameza anakweza maso n'kuwayang'ana kumaso koyamba.

"Mchere wachepa, amayi."

"Queen, wamva? Nangomulola kukamba, ayamba kale mwano!"

Queen anali atakhala pamtolo wa zofunda, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Dalaivala, amene anali atasiya kuliza hutala, anapatsidwa chiwalo cha nkhukuyo.

Kukampu Japhet anapitabe, chifukwa ntchito siimva za nkhuku, koma anapita yekha ndi chikwama chake. Mitolo ina yonse inabwerera m'nyumba. Amabwera akapatsidwa tchuthi, ndipo akabwera iye ndi apongozi ake amakhala pakhonde kukangana za chilichonse: mbewu ya thonje, kwaya, mayendedwe a njovu. Queen amati nthawi zina amalakalaka masiku a chifuwa aja. Ulendo woyamba Japhet anabweretsa msoti wamawangamawanga m'katoni. Anyina Queen anautembenuza uku ndi uku n'kunena kuti ndi wowonda ngati mwini wake. Madzulo ake unagona m'dengu pafupi ndi mphasa.

Mvula itatha, a Wiseman anatulukira ndi mmisiri, atanyamula felemu ndi chitseko chatsopano pangolo ya ng'ombe. Anali wonyadira kwambiri, poti aka kanali kachinthu koyamba kamene anthu anapempha pamsonkhano n'kuchitikadi.

"Anyina Queen, mwaswera bwanji? Ofesi yavomera. Tionetseni poboola."

Mayiwo anayang'ana chitsekocho, anayang'ana khoma lawo, n'kuyang'ananso adzukulu amene anali kulimbirana malo pakhomo lakale lija.

"Chitseko siyani, nizamangila khola," anatero. "Koma khoma langa musaligwire. Pakanakhala khomo lachiwiri, sembe bonse aba anatulukila pamene apo."