Phala la Dalaivala wa Basi

Ku wodi ya odwala maganizo ankawatcha Amayi a Makiyi, chifukwa mtolo wa makiyi unkalira m'chiuno mwawo kulikonse kumene apita. Anakalambira m'wodi imeneyo, akulanda odwala malamba ndi zingwe za nsapato pakhomo, akulandira makofi kwa anthu omwe mawa lake ankabwera kudzapepesa. Lamulo la ntchito ankalisunga: namwino sauza wodwala mavuto ake.

Chaka chomwe basi inagwera mumtsinje, mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anali momwemo. Atangoika maliro, akuluakulu a chipatala anawaitana, ati anamwino achepa. Anthu amenewa chisoni amachidziwa maliro akagwa kwawo basi.

Atabwerera ku wodi, pabedi la pakona anapezapo dalaivala wa basi ija. Anapulumuka thupi lokha. Sankalankhula, chakudya ankakana, nthiti zili poyera. Mayiwo anaima nthawi yaitali, makiyi ali zii. Kenako anatenga mbale ya phala.

"Bambo, yasamulani. Kapena mukudikira ndikuimbireni hutala?"

Anayasamula. Kuyambira tsikulo sankadya kwa wina aliyense. Za mwana uja sankadziwa, ndipo anamwino onse anapangana kuti asadziwe, poti akangodziwa mbale ija aikankha.

Ndiye kunabwera mtsikana wofufuza wochokera ku yunivesite, waulemu wake ndithu, kudzayeza mmene anamwino akuvutikira pamodzi ndi odwala awo, ndiponso ngati mavutowo awakhwimitsa mtima. Metroni, mkulu wa anamwino, mayi wokonda kuonekera pamaso pa alendo, anamukokera m'wodi momwemo.

"Mukufuna wokhwima? Ndi uyu! Mwana wake anamira m'basi ija, koma taonani, akudyetsa mwini wake amene ankaiyendetsa!"

Mtsikanayo anagwira pakamwa. Supuni inaima m'malere. Dalaivala anawayang'ana mayiwo, natseka milomo, natembenukira kukhoma.

Tsikulo sanadye, mawa lakenso chimodzimodzi. Dokotala anayamba kunena zomulowetsa paipi m'mphuno. Metroni sanapepese, mpaka lero amati iye ankangoyamikira.

Amayi a Makiyi anakoka mpando, nakhala pafupi ndi bedi lija, mbale ili pamiyendo.

"Bambo, nditembenukireni. Pano satilola kunena zathu, koma ena andinenera kale. Inde, anali wanga. Ankakonda mpando wa pazenera, ati azipenya kunja."

Dalaivala analankhula koyamba, mawu ali osasa. "Amayi, ndisiyeni ndizipita."

"Muzipita kuti? Maliro a basi ija andikwana ine. Kukhululuka musandifunse lero, mwina sindidzatha n'komwe. Koma phala ili mudya. Yasamulani."

Phala linachita kuzizira. Kenako bamboyo anayasamula, nameza pang'ono pokha, misozi ikugwera m'mbale.

Tsiku lonyamuka, wofufuza uja anawapeza Amayi a Makiyi pampopi akutsuka mbaleyo. Anafunsa maso ali pansi, ngati wolakwa ndi iye.

"Amayi, pepani. Kodi mukuona kuti zimenezi zakulimbitsani?"

Mayiwo anapukuta supuni ndi nsalu, naiyang'ana.

"Mwanawe, dzanja lokha ndi limene lasiya kunjenjemera. Ngati kulimba kwake n'kumeneko, kawauze choncho a ku yunivesite."

Anaika supuni pamalo pake, natseka kabati, nabwerera ku wodi. Madzulo phala linkafunikanso.