Mabatani Makumi Awiri ndi Asanu ndi Limodzi

Dzina lake lenileni lili m'kaundula wa fomu 2, koma palibe amalitchula, ngakhale mayi ake omubereka. Aliyense amangoti Mukudziwa, chifukwa mtsikanayu satsegula pakamwa osayamba ndi mawu amenewo. Anzake amayamba tsiku ndi moni, iye amayamba ndi "Kodi mukudziwa?" Ukalakwitsa n'kuyankha kuti ayi, wadziputira wekha. Uuzidwa kuti khosi la nyamalikiti, kutalika konse kuja, lili ndi mafupa asanu ndi awiri okha ngati lako lomwelo. Uuzidwa kuti khanda limabadwa ndi mafupa ambiri kuposa bambo ake, komanso kuti kuwala kwa dzuwa kumene kukukuwotcha pamphumiko kunanyamuka kwawo mphindi zisanu ndi zitatu zapitazo. Ukayankha kuti eya ndikudziwa, uuzidwabe, kuti aone ngati ukudziwa molondola.

Kumene amazitola zimenezi n'kosavuta kulondola. Mayi ake ndi telala, ndipo chipinda chakumaso cha nyumba yawo ndiye shopu: makina opalasa ndi phazi pafupi ndi zenera, chitini cha mabatani, tepi m'khosi, mapini kukamwa. Mapatani a madiresi amawadula pa nyuzipepala zakale, ndipo zidutswa zikagwa pansi, mwanayo amazitola ngati nkhuku pa mpunga wotayika. Vuto lake, nkhani yodulidwa ndi sizasi ya telala imatha pamene pathera mkono wa bulauzi. Teremu yonse yoyamba Mukudziwa ankadziwa kuti m'nyanja zazikulu muli nyama ya mitima itatu, koma dzina la nyamayo linali litapita ndi kolala ya kasitomala wina. Sizinamuletse kulengeza. Anauza kalasi yonse, anauza mlonda wa pageti, anauzanso mayi wina amene ankayezedwa m'chiuno, mayiyo n'kuyankha kuti nyama imeneyo akuidziwa bwino, ndi mwamuna wawo, ndipo mitima iwiri inayo ili kwina.

Kusukulu mutu wake supuma. Amadabwa chifukwa chake belu la phunziro la masamu limachedwa pomwe la nthawi yopuma lili ndi changu. Amawerenga kuti choko chimodzi chimalemba mizere ingati chisanathe. Tsiku lina anauza anzake kuti munthu sangang'ung'udze nyimbo atatseka pakamwa n'kutsina mphuno, ndipo ahedi atalowa mwadzidzidzi anapeza ana makumi asanu ndi awiri atagwira mphuno, masaya ali tuu, maso atatuzuka. Ahediwo sanafunse kuti wayambitsa ndani. Anangoyang'ana desiki yachitatu kuchokera kutsogolo.

Ndiye kunabwera makompyuta.

Anabwera asanu ndi limodzi, m'makatoni, Lachiwiri lina. Chipinda chimene munkasungidwa madesiki othyoka chinasesedwa, chinapakidwa penti, pakhomo n'kulembapo kuti NSAPATO PANJA. Woyang'anira wake anali mphunzitsi wa sayansi amene ana amamutcha a Mawaya, popeza m'thumba lililonse la jekete lawo mumasuzumira waya. A Mawaya ankaopa fumbi kuposa njoka. Choyamba chimene anachita sikuyatsa makinawo ayi, koma kuitana telala kuti awasokere zovala. Choncho munthu woyamba kukhudza kompyuta m'banja la Mukudziwa sanali Mukudziwa. Anali mayi ake, ndi tepi yawo, akuyeza kiyibodi mulitali ndi mulifupi ngati akuyeza mwana wa ubatizo. Patatha masiku atatu makompyuta onse anali atavala nsalu za maluwa zotsala ku madiresi a anthu, ndipo ana ankangowaona pazenera atafunda ngati odwala malungo.

Kenaka a Mawaya analengeza. Makina ndi asanu ndi limodzi, pa lililonse pazikhala ana awiri, ndiye kuti malo ndi khumi ndi awiri basi chaka chonse. Pakatha masabata atatu padzakhala mayeso: aliyense adzapatsidwa mphindi ziwiri kuti alembe chiganizo cha pabolodi mobwerezabwereza, ndipo olemba kambiri ndiwo adzalowe. Kuyesa kusambira anthu amene sanapondepo mumtsinje, koma a Mawaya njira ina analibe.

Tsiku limenelo Mukudziwa sanayende popita kwawo, anauluka. Anali atamva kuti m'makinamo muli mayankho a mafunso onse, osadulidwa ndi sizasi. Dzina la nyama ya mitima itatu lija linali mmenemo, likumudikira pansi pa nsalu ya maluwa. Malo amodzi mwa khumi ndi awiriwo anali ake, ndipo analumbira kuti sadzalowa ngati wopemphetsa, adzalowa woyamba.

Buku la phunziroli linalipo limodzi, ndipo chimene chinkazungulira m'kalasi chinali fotokope ya fotokope. Pa tsamba lina panali chithunzi cha kiyibodi, koma inki inali itadya zilembo zonse, kungotsala timabokosi takuda. Mukudziwa anatiwerenga: khumi pamwamba, tisanu ndi tinayi pakati, tisanu ndi tiwiri pansi. Anaphatikiza, nafuula yekha. Makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, nambala yeniyeni ya zilembo za alifabeti. Pa mzere wapakati panali timadontho tiwiri toyera posonyeza pokhazika zala zolozera, ndipo m'munsi munali mawu amodzi owerengeka, onena kuti katswiri sayang'ana zala zake polemba. Zina zonse anadzaza ndi nzeru zake.

Anadula katoni. Anakhuthula chitini cha mayi ake n'kusankha mabatani ofanana, nawasokerera pakatonipo mizere itatu. Awiri a timadontho aja anawamangira mfundo za ulusi kuti chala chiziwamva. Pansi anamatapo rula wothyoka, wodumphitsira mawu. Kenaka, ndi bolopeni yofiira, analemba pamwamba pa batani lililonse: A, B, C, D, mpaka Z, bwinobwino monga anaphunzirira ali sitandade 1.

Mayi ake anaima kumbuyo kwake akuyang'ana. Anachotsa mapini kukamwa, chinthu chimene sachita wambawamba.

"Mwanawe, zilembo za pa makina akusukulu aja sizinali chonchi. Zinali zosakanikirana ngati mabatani m'chitini."

"Amayi, anthu opanga makina oganiza angalephere kuyala ABC? Foni yanu yomweyi imayamba ndi abc. Inu munayang'ana chozondoka."

Mayiwo anali atagwira kale kabuku kawo kolembamo miyezo ya makasitomala, ngati akufuna kukatsegula. Anakayang'ana, anayang'ana mwana wawo, kenaka anakabweza m'dirowa n'kubwezeranso mapini kukamwa. Makina osokera anayamba kulira.

Kunena zoona, panali pofunsa. Mnzake wokhala naye desiki, amene amatchedwa Kalilole chifukwa sadutsa zenera osadziyang'anapo, ali ndi achimwene ogwira ntchito mu ofesi, ndipo amabwera ndi kompyuta ya m'chikwama kunyumba. Kalilole saloledwa kuikhudza, koma amaiona. Mawu amodzi okha akanakwana. Koma Mukudziwa ndi wouza anthu, si wofunsa anthu, ndipo katoni yake ankaibisa pansi pa mabuku poopa kuti Kalilole angabere nzeru.

Masabata atatu amenewo m'nyumbamo munali makina awiri. Mayi akupalasa awo, mwana akugogoda ake. Ankagogoda m'mawa asanasambe, ankagogoda akudikira madzi kuwira, ankagogoda pantchafu ali pamzere wa asembule. Sabata yoyamba ankayang'ana zala. Yachiwiri ankayang'ana kudenga. Yachitatu ankatsinzina, zala khumi zonse zikuvina, makasitomala n'kumafunsa monong'ona ngati mwanayo ali bwinobwino. Amalume ake atabwera kudzafupikitsa buluku anamupempha kuti awalembere kalata yofunsira ntchito pa katonipo, nati akamaliza aitumize ndi batani la malaya. Iye anangowauza, osatsegula maso, kuti nkhono ili ndi mano masauzande, koma siyankhula zambiri ngati anthu ena.

Tsiku la mayeso linafika. Lamulo la nsapato panja linaulula zinsinsi zambiri: masokosi obowoka, masokosi osiyana mitundu, ndi mnyamata wina wotchuka pa kutchena amene anapezeka kuti sokosi zake zimathera pa kakolo, kunsi kulibe kanthu. Ankalowa asanu ndi mmodzi nthawi imodzi. Pabolodi a Mawaya anali atalemba kuti: sukulu yathu ndi yabwino.

Mukudziwa analowa gulu lomaliza pamodzi ndi Kalilole. Mtima unkagunda ngati ali nayo itatu. Anakhala pampando, nawongola msana, ndipo a Mawaya asananene kuti vundukulani nsalu, iye anatsinzina. Anafuna kuti anthu adzanene mpaka fomu 4 kuti tsiku loyamba lenilenilo sanayang'ane n'komwe. Anakoka nsalu ya maluwa mwa kufufuza, zala zinayenda pa mabatani ozizira, ndipo pa mzere wapakati zinapeza timabampu tiwiri, pamalo penipeni pamene panali mfundo zake za ulusi. Anangotsala pang'ono kuimba.

"Yambani," anatero a Mawaya.

Anzake asanu aja ankajompha ndi chala chimodzi ngati nkhuku, kusakasaka chilembo, kuchipeza, kupuma. Koma pa makina a pakona panagwa mvula ya pamalata. Amene anali pazenera anasiya kukankhana. A Mawaya anaiwala kuyang'ana wotchi kwa kanthawi. Mtsikana ali tsinzini, chibwano m'mwamba, akumwetulira ngati woyimba limba m'tchalitchi.

"Imani."

Anatsegula maso pang'onopang'ono, kuti amve kukoma kwake. Pa sikirini panali mizere yodzaza, ndipo uliwonse unkati: lxaxsx nqzix fro nqwvofg.

Kalilole anasuzumira, nayesa kuwerenga mokweza, lilime n'kumukana pa chilembo chachitatu. Anafunsa ngati chimenecho n'chiyankhulo cha nyama ya mitima itatu ija. Chipinda chinaphulika. A pazenera anapatsirana nkhani mpaka inakafika kwa mlonda. Mukudziwa anatsitsa maso kwa nthawi yoyamba n'kuyang'ana pansi pa zala zake. Pamene pankayenera kukhala A panali Q. Pambali pake W. Kenaka E. Mabatani m'chitini.

A Mawaya nawonso anaseka mpaka waya wina anagwa m'thumba. Koma akupukuta magalasi anayandikira sikirini, ndipo kuseka kunayamba kuchepa. Anawerenga ndi chala. Zopanda pakezo zinali zitalembedwa kakhumi ndi kanayi, ndipo kupatula malo awiri kapena atatu, zinali zofanana ndendende. Munthu wongomenya makina mwachisawawa sabwereza misala yake mofanana chonchi.

"Iwe, unaphunzira kuti zimenezi?"

Mukudziwa anaimirira. Anatuluka, anatsegula chikwama chake pakhonde, nabwera ndi katoni ija, mabatani ena atapendekeka ndi kugogodedwa. A Mawaya anaiyika pambali pa kiyibodi. Chala china pa batani la S la pakatoni, china pamalo omwewo pa makina: L. Batani la U: X. La K: A. Anatsatira chiganizo chonse mpaka kumapeto, milomo ikuyenda.

"Pa makina akowa wakhoza kuposa aliyense," anatero. "Koma sukulu inalandira awa. Ndikupatsa mphindi ziwiri zina. Maso otsegula."

Mphindi ziwiri zimenezo zinali zazitali kuposa phunziro la masamu. Zala zake zinali ndi nzeru zawozawo, chilichonse chikuthamangira kumene chinazolowera. Anachita kukhalira dzanja lamanzere kuti lisalowerere. Ndi chala chimodzi, chimodzi chokha, anayamba kujompha ngati nkhuku zomwe ankaziseka mumtima zija. S anamupeza. U anabisala pamwamba. Y anamusaka ngati singano yogwera pa mphasa. Pamene a Mawaya ankati imani, chiganizo chinali chitalembedwa kamodzi, ndi mawu awiri a kachiwiri.

Mndandanda unamatidwa pakhomo nthawi yoweruka. Kalilole anali wachinayi. Mukudziwa anayamba kuwerenga kuchokera pamwamba mwa chizolowezi, natsika, natsika, mpaka pa mzere wotsiriza weniweni. Nambala 12. Analumpha ndi nsapato imodzi kuphazi, inayo kumanja, ndipo palibe nambala wani m'mbiri ya sukuluyo amene anakondwa chotero.

Anafika kunyumba akupuma mwa wefuwefu.

"Amayi, kodi mukudziwa kuti zilembo za pa kompyuta..."

"Ndikudziwa," anatero mayiwo, mapini ali kukamwa.

Anatsegula dirowa n'kutulutsa kabuku ka miyezo kaja. Anapatula masamba, kudutsa chiuno cha uyu ndi mapewa a uyo, mpaka pa tsamba lolembedwa kuti zovala za makina a kusukulu. Pansi pa mulitali ndi mulifupi panali mizere itatu ya zilembo, yolembedwa mosamala ndi pensulo: Q, W, E, R, mpaka M. Anazikopera tsiku loyeza lija, a Mawaya atatuluka kukafuna choko. Anati anaona kuti n'zodabwitsa, ndipo anaganiza kuti kamodzi kokha nawonso abwere kunyumba ndi kanthu kouza mwana wawo.

Mukudziwa anayang'anitsitsa mizere itatuyo. Kenaka anatembenuza katoni yake, natenga lezala yosomolera ulusi, n'kukokera mpando pafupi ndi makina osokera.

"Ndiwerengereni, Amayi. Pambuyo pa R pakubwera chiyani?"

Mayiwo anachotsa mapini onse, anawabaya pa kapilo, nakonza kukhosi ngati mphunzitsi.