Mfundo pa Phewa la Mwana Wanga

Ndinathyola tiyi kuyambira ndili mnyamata mpaka maondo atakana. Dengu kumsana, mvula, chiperoni. Thupi linkawawa, koma ndinkadziwa chimene chaliwawitsa. Ndiye mwana wanga wamkazi atayamba kudandaula khosi, ndinaseka. Munthu wokhala pampando tsiku lonse, mu ofesi ya fakitale, pansi pa malata osadontha.

"Kodi kompyutayo umachita kuisenza pamutu?" ndinamufunsa.

Sanaseke.

Mayi ake anamwalira iye ali kusekondale. Tinatsala awiri. Nditapuma pantchito, tinapitiriza kukhala m'nyumba ya kampani chifukwa iye anali atalembedwa ukalaliki. Kwa mkazi wanga ku Khonjeni ndinali mkamwini chabe, ndipo munda unabwerera kwa eni ake. Makolo anga anachokera ku Mozambique, komwe ine sindinapondeko. Mwanayo akanachotsedwa ntchito, kiyi tikanabweza ku ofesi. Iye akanapita kwa amalume ake. Ine sindinkadziwa kolowera.

Inali nyengo ya dzinja, tiyi ataphuka kwambiri. Masamba akachuluka m'munda, ntchito imachulukanso mu ofesi. Khosi la mwanayo linauma. Ukamuitana ankatembenuka thupi lonse. Kenako dzanja lamanja linayamba dzanzi. M'mawa wina kapu inamupulumuka, nkusweka pansi. Ndinayang'ana zidutswazo. Mayi ake anayambanso choncho, kugwetsa zinthu, mpaka mbali imodzi inafa.

Alamu anga, mng'ono wa malemu, anabwera kuchokera ku Khonjeni. Anangomuyang'ana kamodzi.

"Alamu, muli mtulo? Aka ndi kaduka. Mwana wa wothyola tiyi akhale pampando wa ofesi, anthu nkumangoombera m'manja?"

Anapita naye kokatema mphini. Anabwera mapewa ali mabala a lezala, akuda bii ndi mankhwala. Khosi silinasinthe. Panado anamwa mpaka kutopa naye. Abwana ake anamuuza kuti ntchito ikuchedwa, ndipo pageti pali achinyamata ambiri okhala ndi mapepala a sukulu.

Tinapita kuchipatala kuboma. Anatitumiza kwa mayi wina wa mafizo, woongola minofu ndi mafupa, wamfupi, wolankhula mwachangu. Anamuyeza, nati si sitiroko. Ndinakhala pansi. Anati minofu yamanga mfundo chifukwa chokhala chowerama, mkono uli chotambasula pa desiki kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Anamukhazika pampando. Anakanikiza ndi chala chachikulu pakati pa khosi ndi phewa, osasisita, kungolowetsa pang'onopang'ono nkukhala pomwepo. Kenako anaikapo chigongono. Mwana wanga analira. Koma atamaliza, anatembenuza mutu nkundiona, thupi lili chikhalire.

"Izi zimafuna pafupipafupi," anatero mayiyo. "Kuno nkutali, simungamabwere nthawi zonse. Kunyumba kuli ndani wa manja olimba?"

Anagwira dzanja langa, nkulitembenuza.

"Manja ndi awa. Bwerani ndikuonetseni, bambo."

Ndinalanda dzanja langa. "Ndine bambo ake."

"Ndiye?"

Ndinangoyang'anitsitsa pamene ankaikapo chala.

Kwathu mwana wamkazi akatha msinkhu, bambo salowa kuchipinda kwake. Samugwira thupi. Ine chithereni msinkhu mwanayo, ngakhale phewa lake ndinali ndisanalikhudzepo. Ndipo m'malayini a antchito a kampani nyumba nzogundana, khoma limamva. Bambo wamasiye wokhala ndi mwana wamkulu m'nyumba, anthu amakhala atatchera kale khutu. Akamva mwana akubuula m'nyumba chitseko chili chotseka, sanena za khosi. Amati bamboyo akukhwima, mwanayo ndiye chizimba. Mawu oterewa akakumata sachoka.

Alamu anayesa. Zala zawo nzopindika ndi tiyi, mphamvu mulibe.

"Amayi, mukungondinyerenyetsa," anatero mwanayo.

"Nanga ndikupondereze ndi musi?"

Alamu anabwerera ku Khonjeni kukapalira. Mayi wina woyandikana nafe anayesakonso. Mwana atangofuula, iye anathawa, akuti angathyole mwana wa eni ake. Mwanayo anayesa yekha kudzikanikiza kukhoma ndi botolo. Botolo linkangoterereka.

Loweruka lina anabwera dzuwa lili pamutu, atakwera kabaza, ngakhale ofesi ili pafupi. Anatsika ngati nkhalamba. Abwana ake anali atamubweza kuti akapume. Anamuuzanso kuti Lolemba akabwera chimodzimodzi, akambirana zina. Anakhala pakhonde, mkono atauyangata ngati khanda. Misozi inkangotsika, osatulutsa mawu. Ine ndinaima pakhomo. Manja anga ndinali nawo, ali lende.

"Ababa," anatero. "Chonde."

Ndinalowa m'nyumba. Ndinatenga mpando. Sindinauike pakhonde. Ndinapita nawo pampopi, pakati pa malayini, pamene amayi amachapa, nthawi imene anthu amabwera kuchokera kusikelo yoyezera tiyi. Ndinakaitana mayi wamkulu wa kutchalitchi kwathu.

"Imani apa. Muone ndi maso anu."

"Tione chiyani, bambo?"

"Imani basi."

Mwanayo anafunda chitenje m'mapewa, nkukhala pampando. Ndinaika chala pamwamba pa nsaluyo. Ndinafufuza. Pansi pa mabala a mphini ndinapeza kanthu kolimba ngati mtedza wa makadamiya.

"Pamenepo," anatero.

Ndinakanikiza monga ndinaonera kuchipatala. Pang'onopang'ono. Osachotsa. Anafuula mpaka agalu anauwa. Amayi anasiya kuchapa. Anthu a madengu anaima m'njira.

"Ndisiye?"

"Ayi. Lowetsani."

Bambo wina woyendetsa thirakitala, yemwe ndinkasewera naye bawo, anafika atalawako kachasu.

"Achimwene, mwatsegula chipatala? Tilembetse kuti?"

Ena anaseka. Iye anaonjeza.

"Kapena ndi zija zokhwimira? Masiku ano mukuchitira poyera?"

Kuseka kunatha. Ndikanachotsa chala, ndikanamumenya. Koma pansi pa chalacho kanthu kaja kanali katayamba kufewa, ndipo mwanayo anali atayamba kupuma mozama. Sindinachotse. Amene anayankha ndi mayi wa kutchalitchi uja.

"Inu mukakhala ndi manja, bwerani mudzagwire. Ngati mulibe, pitani mukagone."

Anapita akung'ung'udza. Ine ndinasunthira pa mfundo ina, pafupi ndi fupa la phewa. Apo chala chinalephera, ndinaikapo chigongono. Nditamaliza, mayiyo anamuthowa ndi madzi otentha kunyumba kwake. Lamulungu titachoka kutchalitchi tinabwerezanso, pamalo pomwepo.

Lolemba anapita kuntchito wapansi. Ndinakhala pakhonde kuyang'ana njira, kudikira kabaza womubweza. Sanabwere. Mwanayo anafika madzulo pamodzi ndi anzake. Anati zala zikugwira, ngakhale khosi likadali lolemera.

Sanachiriretu. Ntchito ikachuluka mfundo zimabwerera, poti mpando ndi womwewo, desiki ndi yomweyo. Zikabwerera ndimatulutsa mpando wathu. M'nyumba sindinamugwirepo, ndipo sindidzatero. Kukagwa mvula timadikira ikate. Nthawi zina imagwa osakata, iye ali gone ndi ululu kuchipinda kwake, ine ndili pakhonde kuyang'ana kumwamba.

Nkhani inayendabe. Inafika mpaka ku Khonjeni, amalume ake anatumiza mawu ondifunsa. Ndinawayankha kuti abwere adzaone pampopi. Sanabwere. Pabawo ndinasiya kupita, chifukwa ndikafika ena amanyamuka. Pali amayi amene amakoka ana awo ndikamadutsa.

Mwanayo akadali pantchito. Kiyi wa nyumba ali m'thumba mwanga.