Bowo la pa Disiki

Amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna awo a achemwali. Anasintha pulogalamu yathu titagwirizana kale kuti wina asaikhudzenso, ndipo itayamba kuvuta, chala analoza ine.

Munali chakumapeto kwa zaka za m'ma 90, intaneti itangofika kumene mu Blantyre. Sukulu ndinali nditaisiyira Folomu 2 nditayambana ndi aphunzitsi, ndipo ndinkakonza makompyuta pa kashopu kena ku Chirimba, komwe anandilowetsa ndi alamu omwewo. Loweruka tinkakumana pashopupo anthu ochepa, kulemba pulogalamu yotumizira makalata a pakompyuta kudzera pa foni. Inali yaulere. Aliyense ankatha kuikopera, kuona m'kati mwake, ngakhale kuisintha. Ankaigwiritsa ntchito ndi a m'matchalitchi ndi m'tizipatala ta ku Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri, pa makompyuta okalamba ochita kupatsidwa.

Sitinalembe zonse tokha ayi. Mbali yoimba foni inalembedwa ndi anthu akunja, ndipo tinkangoitchula kuti laibulale. Pulogalamu yathu yonse inkatsamira pa iyo.

Tinali ndi mwambo wathu. Pulogalamu yatsopano ikatsala pang'ono kutuluka, amayi ena ophunzitsa taipi, omwe ankatitsogolera, ankatenga disiki yokoperako n'kukankha kachotsekera ka pakona kuti bowo lioneke. Bowo likaoneka, pa disikiyo sipalembekanso kanthu. Ankaikweza m'mwamba kuti tonse tione kuwala kukudutsa. Kuchokera pamenepo, wofuna kusintha chilichonse, ngakhale laibulale, ankayenera kufunsa gulu, ndipo chinthucho chiyambe chayesedwa pa kompyuta yakale. Pajatu madisiki akakwera minibasi sungawaitanenso.

Kukopera ndi kugawa inali ntchito yanga. Ndinayambira ku ofesi ya tchalitchi china ku Chilomoni. Nditaika pulogalamu n'kudina kuti itumize kalata, kompyuta inangouma gwa. Ndinazimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi. Alembi a pampingo ankangondiyang'ana ngati ndawaphera mbuzi.

Pobwerera kushopu ndinapeza nkhani yanditsogolera. Alamu anali atauza amayi aja kuti ndakopera mwaphuma, kuti mutu wanga sukhazikika, ndipo iwo ananeneratu. Amayiwo anaimitsa madisiki onse. Anandiuza mofatsa kuti ngati vuto ndi ine, ntchitoyo apatsa wina, ndipo za Loweruka ndiyambe ndapuma. Zinandilasa. Gulu limenelo ndi malo okhawo kumene munthu sanandifunsepo za satifiketi.

Ndinali ndi sikuludiraiva m'manja. Ndinaiponya pansi n'kutuluka panja. Mtima utatsikako ndinabwerera, n'kutenga disiki ija kuiloza kudzuwa. Kuwala kunalibe. Wina anali atatseka bowo, n'kuiwala kulitsegulanso. Nditayang'ana m'kati, ndinapeza laibulale ina, yatsopano. Alamu anali ataikoka pa intaneti ku ofesi ya mnzawo. Pa kompyuta yawo yamphamvu inkathamanga bwinobwino, koma pa nkhalamba zathu zija inkafuna memole yomwe kunalibe. Choipa kwambiri, yakale ija anaifufuta, pa disiki ndi pa kompyuta ya pashopu pomwe.

Kenako ndinakumbukira kachipatala ka ku Machinjiri, komwe ndinakayesera pulogalamuyo bowo lisanatsegulidwe. Ndinakwera minibasi, kwinako ndinadutsa m'minda ya chimanga wapansi, njira yonse ndikupempha kuti ndikapeze magetsi alipo. Analipo. Laibulale yakale nayo inalipo, ili phee. Ndinakhala pa benchi ya odwala kaye mpaka anamwino anandifunsa ngati ndikumva malungo.

Mawa lake ndinaibwezeretsa n'kupita nayo ku Chilomoni. Modemu yolumikiza kompyuta ndi foni inalira kulira kwake kuja kokhala ngati mphaka wopondedwa mchira, ndipo kalata inapita. Sindinamvepo phokoso lokoma chotero.

Loweruka amayi aja anakweza disiki ija m'mwamba, onse n'kuona kuti bowo ndi lotseka. Alamu anayamba kufotokoza kuti laibulale yatsopanoyo siidula foni pafupipafupi, ndipo zimenezo zinali zoona. Amayiwo anati idzalowa ulendo wotsatira, ikayesedwa. Kenako onse ankadikira chibakera, poti ankandidziwa. Achemwali nawo anali atandichonderera m'mawa kuti ndisawachititse manyazi. Koma ndinadzimva wopepuka, moti manja ndinangowapisa m'matumba. Ndinasendera pafupi mpaka tinayang'anana m'maso.

"Alamu, laibulale yanuyo ndi yabwinodi, ndipo ndidzakuthandizani ndine kuiyesa. Koma bowo likaoneka, muzifunsa ngati wina aliyense. Ndipo zikakuvutani, musamathawire pa dzina langa chifukwa choti ndi lakuda kale."