Shati ya pa Maliro a Amoin

Ku Yopougon kuno aliyense amadziwa kuti ukafuna diresi yokukhala bwino, upite kuseri kwa ogulitsa makala, kwa Ahou telala. Azimayi amatama dzanja lake, koma akangotuluka pakhomo amakodolana n'kuseka, poti Ahou anabadwa akutchedwa mnyamata. Mwini wake anadziwa kalekale kuti ndi mkazi, ndipo anathawa kwawo atatopa ndi zikwapu za bambo ake. Chithawireni, dziko lake lonse ndi kachipinda ka makina osokera. Ngakhale ulusi amachita kutuma munthu.

Yemwe ankamuseketsa anali Amoin, mnzake wa moyo womwewo, wobadwanso akutchedwa mnyamata, koma wosadziwa mantha. Ankatulukira ndi atyeke, chakudya cha chinangwa, ndi nsomba m'kapulasitiki, nsapato zili kho kho kho.

"Iwe mkazi, udzachita nkhungu muno! Tiye tikaoneke kunja."

"Ndikaoneke kwa ndani? Mutu wa sipeyala ndilibe ine."

Amoin anaphedwa dzuwa likuswa mtengo, pafupi ndi siteji ya minibasi. Anyamata anamugenda, anthu ena akujambula pa foni. Palibe anagwidwa.

Banja linasankha nsalu ya maliro, ndipo Konan, mchimwene wa malemu, anabwera nayo kwa Ahou. Bamboyo manyazi analibe, ankangofuna telala wabwino.

"Azimayi madiresi, azibambo mashati. Tikuika m'manda mng'ono wanga Kouamé, wamva? Dzina la Amoinlo sitikulidziwa."

"Nanga ine, achimwene?"

"Iwe shati. Ukabwera ndi diresi usadzati sindinakuuze. Anyamata a m'dera muno adzakhalapo."

Ahou anasoka za anthu onse, nsalu yake n'kuisiya komalizira. Akanakhala kunyumba, Amoin akanatsikira m'manda popanda ndi mmodzi yemwe womudziwa kuti ndi Amoin. Kupita ndi diresi kunali kudzikumbira dzenje pambali pake. Anaigwira sizasi nthawi yaitali, kenako anadula shati. Anamasula tsitsi, nalimeta, nafufuta utoto wa m'zikhadabo.

Kumanda anamuimika kumbali ya amuna. Tsidya linalo azimayi ovala madiresi osoka iye ankalira mokweza, kudzigwetsa pansi, enawo oti Amoin ali moyo sankamuyankha ndi moni womwe. Ahou mtima unkamuwawa koopsa, ankafuna kukuwa mpaka mawu athe. Koma kwa amuna salira choncho, ndipo maso ambiri anali pa iye. Anangoluma mlomo.

Bokosi litatsika, amuna anayamba kulandizana fosholo. Mnyamata wina, amene dera lonse limadziwa kuti anali m'gulu logenda lija, anatembenukira kwa Ahou akumwetulira.

"Gwira apa, aise. Usangoima ngati mkazi."

Ahou analandira fosholoyo. Anamukwirira Amoin ndi manja ake omwe, maso ali gwa, abusa akupempherera Kouamé.